Bowo limene linadya matumba anayi okha

Pali tsiku lina la pa saiti limene silindichoka m'mutu, ngakhale kuti palibe chimene chinagwa ndipo palibe amene anavulala. Tinkamanga khoma lotchinga dothi m'mbali mwa chidzenje chachikulu cha maziko a nyumba yosanja. Dothi la kuseri kwake silikanaima palokha, choncho khomalo tinkalimangirira kunthaka ndi ma anchor: kuboola bowo lopendekera pansi, kulowetsamo zingwe zachitsulo, kudzaza grout (phala la simenti ndi madzi), ndiye ikalimba kudzakoka ndi jeke n'kukhomera pakhoma. Ine ndinali wolemba. Nthawi yoyamba kupopa, nthawi yomaliza, pulesha, matumba a simenti.

Bowo lililonse linali mamilimita 150 m'mimba mwake ndi mamita 18 m'litali. Tinkayembekezera matumba 10 pa bowo, kuphatikizapo zotayika. Tsiku limenelo tinadzaza mabowo awiri oyandikana, ndipo fomu ya lipoti la tsiku inkangofunsa matumba onse pamodzi. Yankho linali 20, ndendende monga pa pulani. Wowerenga lipotilo ku ofesi akanangogwedeza mutu n'kutenga pepala lina.

Komatu bowo loyamba linadya matumba 16, lachiwiri 4.

## “Ili lakhuta msanga”

La m'mawa ndi limene linatopetsa anthu. Thumba la 10 litatha, pakamwa pa bowo panali zii. La 12 chimodzimodzi. Kapitawo ankangoyenda uku ndi uku, maso ali pa mulu wa simenti umene unkapita pansi. Pa thumba la 16 grout inatulukira, poyamba yamadzimadzi yosakanikirana ndi matope, kenako yotuwa ndi yolemera mofanana ndi ya m'thanki. Anthu anapumira m'mwamba. Nthaka yamwa basi, zimachitika.

Masana tinapita pa bowo lachiwiri, limene oboola anali atalisiya lotsegula kuyambira dzulo lake. Zingwe zinalowa bwino poyamba, koma chakumapeto zinavuta, anyamata anachita kukankha ndi mapewa mpaka zinafika pa chizindikiro. Pampu inayamba. Sipanatenge nthawi, wogwira payipi anakuwa kuti yatuluka. Ena anasekerera poona kuti zimene tinataya m'mawa zabwerera.

Amene sanasekerere ndi bambo wachikulire amene ankasakaniza. Iwowo anali ndi chizolowezi chawo. Thumba lililonse akakhuthula ankalipinda kawiri n'kulipsinja ndi mwala, ndipo bowo likasintha, mwala unkasinthanso. Anatsika pa mikisa, manja ali mbuu, n'kundikodola. Anatukula mwalawo, nawerenga ndi chala pang'onopang'ono kuti ndione.

“Achimwene, anayi awa. Ili lakhuta msanga.”

“Ndalemba anayi, bambo.”

“Ndiye tachulukitsani. Bowo lotere silingadzadze ndi anayi. Ngati malo atha, muli chinachake chimene chinakhalamo kale, ndipo sindine ndachithira.”

Ndinachulukitsa pomwepo kuseri kwa fomu. Matumba anayi ndi malita 154. Bowolo, ngakhale litakhala losalala bwanji, limafuna malita oposa 300. Theka la bowo linali lodzaza ndi chinthu chimene palibe anachiyeza.

Kapitawo sanakondwe. “Bwana, yatuluka yabwinobwino, inunso mwaiona,” anauza injiniya atafika. Ndipo sankanama, imene inatuluka pakamwa inali yabwinodi. Injiniyayo anayang'ana manambala awiri aja, 16 ndi 4, anayang'ananso mtunda wa pakati pa mabowowo, n'kulamula kuti zingwe zitulutsidwe grout isanagwire.

Zinatuluka movuta. Mbali ya kumtunda inali yokutidwa ndi grout yotuwa, yoterera, yofanana paliponse. Koma mamita akumapeto, gawo limene limayenera kugwira nthaka, anatuluka atamatidwa ndi zinthu zofiirira, zofewa, za mibulumibulu. Injiniya anakanda pang'ono ndi chala cha gulovu n'kufinya. Madzi anadontha, m'manja munatsala mchenga ndi tizidutswa ta mwala wogumuka poboola. Palibe anayankhulanso za kubweza zotayika.

## Zimene zinachitika pansi

Kumapeto kwa mabowo onse awiri kunali thanthwe lofumbutuka, la ming'alu. Mng'alu umodzi unkalumikiza mabowowo. M'mawa muja, pamene tinkati nthaka ikumwa, grout inkadutsa mumng'alumo n'kukagwera m'bowo lotsegula lija. Inagwera m'madzi amene anali atadikha m'menemo, pamwamba pa zogumuka za poboola, popanda payipi yoifikitsa pansi kuti ikankhe madziwo. Inasungunuka, inasakanikirana ndi matope, inayamba kugwira mwa apo ndi apo. Masana grout yabwino itabwera inangodziboolera kanjira m'matopemo n'kukwera.

Chifukwa chake grout timaipopera kuchokera pansi penipeni pa bowo kukwera m'mwamba. Ndi yolemera pafupifupi kawiri kuposa madzi, choncho ikayambira pansi imanyamula madzi ndi zinyalala n'kuzitulutsa pakamwa. Ikagwera kuchokera pamwamba kapena m'mbali, imasanduka china.

Bowolo tinalitsuka, tinalidzaza ndi grout yokhuthala kuti itseke mng'alu, ndipo italimba linabooledwanso. Kuyambira pamenepo oboola ankadumpha bowo limodzi, ndipo sankasiya bowo lotsegula pafupi ndi limene likudzazidwa.

Kwa ine chimene chinasintha ndi mmene ndimaonera chiwerengero cha matumba. Anchor ikangolowa, palibe amene adzaionenso. Konkireti ya mzati mumaichotsa matabwa n'kuiona ngati ili ndi zibowo. Grout ya mamita 18 pansi pa nthaka simudzaiona mpaka kalekale. Chimene chimatsala m'manja mwanu ndi kuchuluka kwa zimene zinalowa, pulesha imene zinalowera, ndi maonekedwe a zimene zinatuluka. Ndipo mphamvu yonse ya anchor ili pa grout imeneyo. Paja ma anchor a m'dothi monga tikuwadziwira lero anayamba mu 1958 ku Munich, pamene kampani ya Bauer, pokumba maziko a nyumba ya wailesi ya Bayerischer Rundfunk, inaonetsa kuti simenti yopopedwa mozungulira chitsulo ikhoza kugwira m'dothi popanda chipilala china chomangirirako kumapeto. Kuchokera apo, khoma limadalira chinthu chimene wosakaniza wathira mu mikisa.

## Masamu a thumba limodzi

Masamu ake si ovuta, ndipo ine ndimaona kuti wosakaniza ndi wogwira pampu ayenera kuwadziwa pamtima mofanana ndi injiniya.

Yambani ndi thumba. Simenti ya Portland, tikachotsa mpweya wa pakati pa fumbi lake, imalemera pafupifupi makilogalamu 3.15 pa lita. Choncho thumba la makilogalamu 50 likalowa m'madzi limatenga malo a malita 15.9 okha, ngakhale limaoneka lalikulu likakhala louma. Madzi a grout ya anchor nthawi zambiri amakhala pakati pa 0.40 ndi 0.55 ya kulemera kwa simenti. Ife tinkagwiritsa 0.45, kutanthauza malita 22.5 pa thumba. Mukaphatikiza, thumba limodzi likupatsani malita 38.4 a grout, ndipo kyubiki mita imodzi ikufuna matumba 26.

Kenako bowo. La mamilimita 150 limatenga malita 17.7 pa mita iliyonse, ndiye mamita 18 ndi malita 318. Zingwe zinayi za mamilimita 15.2, pamodzi ndi mapulasitiki ozikuta pa gawo lomasuka, la kumtunda, limene siligwira nthaka, sizichotsapo ngakhale thumba limodzi, moti ambiri sazichotsera n'komwe. Gawani 318 ndi 38.4, mupeza matumba 8 ndi kachigawo.

Nambala imeneyi si imene mumagulira simenti. Ntchito yake ndi ina, ndipo tibwererako.

## Bowo lenileni

Bowo la pansi silifanana ndi la papepala, ndipo apa ndi pamene ambiri amaperewera. Malo a m'bowo amakula mofulumira kuposa m'mimba mwake. Likangofutukuka kuchoka pa mamilimita 150 kufika pa 170, mita iliyonse imafuna malita 22.7, kukwera ndi 28 peresenti. Mamilimita 20 amenewo savuta kubwera. Mpweya kapena madzi otulutsira zogumuka amakokolola mchenga wa m'mbali. Mukaboola ndi casing, payipi yachitsulo yoteteza bowo kuti lisagumuke, bowo limatsata kunja kwa casing ndi mano ake a kutsogolo, osati m'kati mwake, ndipo ndaonapo anthu akuwerengera za m'kati.

Palinso zimene sizifika kubowo n'komwe. Payipi ya mamilimita 25 m'kati, yotalika mamita 50, imasunga malita pafupifupi 25, kuposa theka la thumba, ndipo zonsezo zimatayika nthawi iliyonse mukatsuka. Onjezani zotsalira mu mikisa ndi m'thanki, zothira m'timabokosi tokayeza mphamvu, zoyamba kutuluka pakamwa zimene mumazisiya zitayike mpaka mtundu ufanane, ndi zowonjezera pamene casing ikuzulidwa chigawo ndi chigawo. Umu ndi mmene 8 amasandukira 10. Pampu ikakhala kutali, kapena mukamadzaza bowo limodzilimodzi n'kumatsuka pakati, 10 amenewo sakwana.

Ndiye pamabwera nthaka yeniyeniyo. Dongo lolimba ndi thanthwe lopanda ming'alu zimatenga zoyandikira masamu. Mchenga ndi wina. Mukapopa ndi pulesha, madzi a mu grout amafinyikira mumchenga, simenti n'kutsala yothinana kukhoma kwa bowo. Zimenezi zimalimbitsa anchor, koma zimadya matumba ambiri chifukwa gawo la malita amene mwapopa lapita ngati madzi. Buku lonena za ma anchor la mu 1999 la FHWA, nthambi ya boma la United States yoona za misewu ikuluikulu, limayamba kuwerengera anchor ngati yopopedwa ndi pulesha ikapitirira 0.35 MPa (MPa ndi muyezo wa pulesha). M'miyala ing'onoing'ono yopanda dothi pakati, grout imalowerera m'mipata n'kupanga chibuluma chachikulu kuposa bowo. Thanthwe la laimu likhoza kukhala ndi mapanga. Ndipo dothi lochita kuthira, la m'malo amene munamangidwapo kale, limabisa zidutswa za njerwa, ngalande zakale ndi mapayipi oiwalika.

Pa chifukwa chimenechi sindikhulupirira peresenti imodzi yowonjezera pa khoma lonse. Ma anchor oyesera ndi mabowo oyambirira a mzere uliwonse ndiwo amakuuzani zoona. Lembani zimene adya, gawani ndi masamu, mupeze nambala ya nthaka imeneyo, ndipo mzere wapansi ukalowa m'nthaka ina muyambirenso. Ngati pulani ikufuna kupopanso kachiwiri patapita tsiku limodzi kapena awiri kudzera m'kapayipi ka mavavu, matumba amenewo akhale ndi mzere wawowawo pa fomu. Mukawasakaniza ndi oyamba, manambala onse awiri amataya tanthauzo.

## Malire awiri

Bowo lililonse liyenera kukhala ndi malire awiri olembedwa pampu isanalire, ndipo wogwira pampu akhale ndi mphamvu yoima popanda kudikira chilolezo.

Malire a m'mwamba ambiri amawadziwa chifukwa amakhudza ndalama. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 1537 umati grout ikapitirira katatu malo a bowo, pa pulesha yosaposa kulemera kwa nthaka ya pamwamba pake, ndiye kuti mukudzaza mphako za m'nthaka, ntchito imene si ya anchor wamba. Ine ndimaona kuti katatu ndi kutali kwambiri kuti munthu ayambe kufunsa mafunso. Bowo likadya theka lina pamwamba pa masamu koma pakamwa pali zii, ndimafuna pampu iime, munthu ayende. Akasuzumire m'mabowo oyandikana, atsegule zivundikiro za ngalande, aone ngati msewu wa pamwamba sukutukuka, ndipo ngati pali chipinda cha pansi cha nyumba yoyandikana, akafunse. Grout yolowa m'payipi ya suweji ya anthu ena ikauma, kuichotsa kumadula kuposa simenti ya khoma lonse. Bowo lathu la m'mawa lija likanaima pa thumba la 12 kapena 13, ndipo munthu wosuzumira ndi tochi m'bowo la pambali akanaona.

Njira zothana nazo zilipo. Mukhoza kukhuthalitsa grout, kuthiramo mchenga wosefa kuti itseke ming'alu, kuisiya igwire n'kuboolanso, kapena kuveka zingwe nsalu yapadera imene imasunga grout kuti isathawe. M'thanthwe ndi bwino kuyamba mwayeza bowo ndi madzi. EN 1537 yomweyo imati ngati madzi otayika sakufika malita 5 pa mphindi, pa pulesha yowonjezera ya 0.1 MPa, poyeza kwa mphindi 10, kawirikawiri palibe chifukwa chotsekera ming'alu kaye. Kupitiriza kupopa grout yomweyo mwachiyembekezo ndiye njira yoipa kuposa zonse.

Malire a pansi ndi amene amaiwalika, poti palibe amene amadandaula simenti ikatsala. Malire ake ndi masamu aja, matumba 8 ndi kachigawo. Bowo lenileni likhoza kukula kuposa la papepala, koma grout yochepera masamu ikalidzaza, pali chimene chatenga malo. Mwina bowo lagumukira m'kati pozula casing. Mwina payipi ya grout sinafike pansi, kapena yaphulika pakati n'kudzaza kumtunda kokha. Mwina madzi atsekeredwa kumapeto. Mwina bowo silinabooledwe kufika pa mamita ake. Pa zonsezi pakamwa pamatuluka grout yooneka bwino. Bowo lodya kwambiri limadzionetsa lokha, aliyense amaliona. Lodya zochepa limadutsa mwakachetechete, anthu akusangalala, ndipo ndi limene ndimaliopa.

## Madzi owonjezera

Simenti ikayamba kuchepa dzuwa likupendeka, maso amapita pa mpopi. Ndikumvetsa chifukwa chake. Bowo layambidwa, silingasiyidwe pakati, galimoto ya simenti ibwera mawa. Madzi akakwera kuchoka pa 0.45 kufika pa 0.60, thumba limatulutsa malita 45.9 m'malo mwa 38.4. Pa bowo la matumba 10 mwapulumutsa thumba limodzi ndi theka, ndipo pampu ikuyenda mosavuta.

Koma simenti siigwiritsa ntchito madzi onsewo. Otsalawo amalekana nayo grout isanagwire n'kukwera pamwamba. M'bowo lopendekera amasonkhana m'mbali ya kumtunda, n'kusiya kampata kotalika pamene pamayenera kukhala simenti yogwira nthaka. Mphamvu imatsika, ndipo grout imakhala ndi timipata tambiri todutsa madzi a m'nthaka kupita kuchitsulo. Choipa china n'chakuti fomu imayamba kunama. Matumba 8 a grout yamadzi amadzaza malo a matumba pafupifupi 10, choncho malire aja sagwiranso ntchito.

Mankhwala ake ndi kasikelo kotchedwa mud balance, kachikho kokhala pa mkono wa manambala. Kuyeza sikutenga ngakhale mphindi ziwiri. Grout ya 0.45 imaonetsa makilogalamu 1.89 pa lita, ya 0.50 imaonetsa 1.83, ya 0.60 imatsikira pa 1.74. Yezani ya m'thanki, yezaninso yotuluka pakamwa pa bowo, ndipo musaleke kupopa mpaka ziwirizo zitayandikana. Timabokosi toyeza mphamvu timayankha patapita masiku, anchor itakwiririka kale, pomwe kasikeloka kamayankha pampu ikadali kulira. Madzi nawo ayezedwe ndi thanki ya chizindikiro kapena mita, alowe mu mikisa poyamba, simenti pambuyo. Ngati grout ikuvuta kupopa, pali mankhwala ofewetsa amene injiniya angavomereze, ndipo mikisa yothamanga kwambiri ya mtundu wa colloidal imatulutsa grout yoyenda bwino ndi madzi omwewo kuposa ya mapiko.

Lamulo limene ndimaumirira ndi lakuti bowo lisayambidwe ngati pambali pa mikisa palibe matumba ofika pa malire a m'mwamba a bowolo. Munthu amene ali ndi simenti yokwanira saganiza za mpopi.

## “Jeke idzatiuza”

Mawu amenewa ndawamva kambiri. Zoonadi, anchor iliyonse imayesedwa. Grout ikafika mphamvu yofunika, imene buku la FHWA limaiika pa 21 MPa, jeke imakoka mpaka 133 peresenti ya katundu amene anchor inakonzedwera, n'kugwira pamenepo mphindi 10. Ikasuntha kupitirira milimita imodzi pakati pa mphindi yoyamba ndi ya 10, kuyesako kumatalikitsidwa. Ndi mayeso abwino, ndipo palibe mbali zambiri za zomangamanga zimene chiwalo chilichonse chimayesedwa chotere.

Koma jeke imayankha funso limodzi: kodi lero ikugwira? Anchor imene theka la gawo lake logwira lili m'matope ikhoza kupambana ngati theka linalo lili m'thanthwe labwino. Grout ili ndi ntchito yachiwiri imene jeke siiona, yoteteza chitsulo ku dzimbiri. Simenti imazinga chitsulo ndi alkali wochuluka amene amaletsa dzimbiri kuyamba. Pamene pali mpata, madzi kapena matope, chitetezocho palibe, ndipo chingwe chokokedwa mwamphamvu chikadyeka chimaduka mosachenjeza. Pa khoma la miyezi yochepa mwina mungapulumuke. Pa khoma losatha, la pansi pa msewu kapena nyumba za anthu, vutolo limadzatulukira omanga atabalalika kalekale. Ndipo anchor ikalephera pa jeke, mwataya kale masiku odikira, zingwe, ndi malo pakhoma, chifukwa yolowa m'malo mwake iyenera kupeza poboola pena.

## Ndani alipire matumba owonjezera

Zambiri mwa izi zimayambira pa mgwirizano wa ntchito. Kontrakita akalipidwa mtengo umodzi pa anchor, thumba lililonse loposa 10 likuchoka m'thumba mwake, ndipo bowo lodya anayi limaoneka ngati mwayi. Akalipidwa pa thumba lililonse popanda malire, palibe chomuimitsa kupopera simenti m'phanga tsiku lonse. Njira zonse ziwiri zimaphunzitsa anthu kusayang'ana nambala.

Chimene ndaona chikuyenda bwino ndi kugwirizana ntchito isanayambe kuti mtengo wa anchor ukuphatikiza grout mpaka mlingo wakutiwakuti pamwamba pa masamu, ndipo zoposa apo zidzalipidwa pa thumba, pokhapokha ngati pampu inaima pa malire, injiniya anaitanidwa, ndipo zinalembedwa. Kutsekera ming'alu ndi kuboolanso kukhale ndi mtengo wakewake. Fomu nayo ikhale ya bowo limodzilimodzi: m'mimba mwake ndi kutalika kumene kwabooledwadi, nthaka imene oboola anakumana nayo ndi pamene madzi otsukira anasowa, matumba a pa masamu, matumba amene alowa, kulemera kwa grout ya m'thanki ndi ya pakamwa, pulesha, ndi zowonjezera pambuyo pake ngati grout inatsika. Wosakaniza asayine pambali pa wolemba, tsiku lomwelo, bowo lotsatira lisanayambe.